Nyimbo Zathu Zinapita M'thumba la Mlendo

Abale anga owerenga, sabata ino ndikulemba nkhope ili pansi. Lachinayi lapitali ndinanyazitsa mwana wanga Esinati pamaso pa amayi anzanga a kutchalitchi, pa mlandu woti sanapalamule.

Esinati amataipa mu ofesi ya mpingo wathu ku Balaka. Ambuye ndi abwino, ine wolekezera ku pulayimale nkubala mwana wogwira kompyuta! Chaka chino wakhala akulembamo nyimbo za gulu lathu la amayi a ku Utale kuti tisindikize kabuku. Zina ndi za Chilomwe, zomwe makolo a malemu mayi Namakhwa anabwera nazo kuchokera ku Mozambique. Mayiwo anamuimbira ali gone pamphasa, mawu atayamba kale kutha.

Ndiye Lachinayilo tinanyamuka titavala zoyera zathu, kukaona pomwe kabuku kafika. Tinamupeza Esinati maso ali psuu.

"Amayi, nyimbo zija zafufutika."

Kodi ndinafunsa kuti zafufutika bwanji? Iyayi. Ndinangolusa.

"Iwe, ndiye tikawadzutse mayi Namakhwa kumanda? Ndinkadziwa ine! Mutu uli pa mafuta odzola, ntchito ya Mulungu ukuiseweretsa!"

Amayi anzanga anayamba kung'ung'udza. Wina anati mwina abusa angopeza wotaipa wina. Mwaona? Nkhani yoti mwana achotsedwe ntchito inabadwira pakamwa panga, ine mayi wake.

Anzanga atabwerera, ine ndinatsalira kunyumba yomwe Esinati amachita lendi. M'mawa mwake, mtima utaphwa, ndipamene ndinamupatsa mpata wolankhula. Pakhonde panalinso eni nyumba, Abiti Saidi, akusankha mpunga.

"Amayi," anatero Esinati, "pulogalamu yolembera ija ili ndi kachipinda kake mkati mwa kompyuta. Chilichonse ndikalemba imachiika m'kachipinda komweko, osandifunsa. Ngakhale mawu a Chichewa ndi Chilomwe omwe ndinaiphunzitsa kuti isamanene kuti ndalakwitsa, ndi muyeso wa tsamba la kabuku kathu, zonse zimakhala momwemo. Lachitatu, tonse titaitanidwa kukayeserera magule a chipani, kunabwera bambo wa ku Blantyre kudzaika pulogalamu yatsopano. Anachotsa kachipinda kakale konse. Sanadziwe kuti muli zathu."



Abiti Saidi anaika lichero pansi. "Wallahi, amake Esinati, tinene kuti inu mwalandira mlendo, iye nkumalongedza nsalu zanu m'thumba mwake mwakachetechete. Tsiku lochoka wanyamula thumba. Ndiye mukumenya mwana amene anali kumagule?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Kuyambira tsikulo ndakhala ndikulingalira za mlendo ameneyu. Za makina sindizidziwa, koma za m'nyumba ndimazidziwa. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Esinati akuti mapulogalamu nawonso amatero, lero uyu, chaka chamawa wina. Nanga bwanji katundu wa eni nyumba azikhala m'thumba la wapaulendo?

Inu amene mumapanga zinthuzi, kaya muli kutsidya kwa nyanja, ndikukupemphani mwaulemu. Pulogalamu izigona kuchipinda chake. Zolemba za munthu zizikhala kuchipinda china, chodziwika ndi dzina la mwini wake, choti wosesa akafika pakhomo pake aziyamba waodira. Maulaliki a abusa kwaokha, nyimbo za amayi kwaokha. Ndi zija munthu wakonza kuti makina azimumvera, mawu amene wawaphunzitsa ndi muyeso wa tsamba, nazonso ndi thukuta lake, zisamapite pamodzi ndi mlendo. Ngakhale ife kumudzi, mbewu ya nandolo sitiisunga mu mtsuko wobwereka.

Bambo wa ku Blantyre uja sindikumuda. Anasesa chipinda chimene ankadziwa kuti ndi cha pulogalamu. Koma akanangofunsa, "Muli za munthu muno?", bwenzi lero ndikulemba zina.

Komatu ine ndingamudzudzule bwanji za kusafunsa?

Apa ndiye pali chilonda changa, ndipo ndikuona kuti si changa ndekha. Chinthu chochokera kunja timachiopa, timati sichilakwa. Chikalakwa, timayang'ana amene ali pafupi, makamaka akakhala mtsikana, nkumusenzetsa. Ndi angati akulira m'maofesimu chifukwa cha zimene makina anadziikira okha pamalo olakwika?

Lamlungu titaweruka ndinaimirira pamaso pa amayi onse. Ndinafotokoza za kachipinda kaja monga ndinamvera, ndipo ndinati, "Mwana sanalakwe. Wolakwa ndine, ndinalankhula ndisanamve." Amayi aja anapita okha kwa abusa kukanena kuti Esinati asachotsedwe. Ambuye alemekezeke.

Tayambanso kumuimbira, iye akulemba. Zambiri zabwerera, poti zinali m'mitima mwathu. Koma pali nyimbo ina ya Chilomwe yomwe timangodziwa poyambira pake. Tikafika pakati timangoyang'anana. Imeneyo yapita ndi mayi Namakhwa.

Tsopano Esinati watsegula kachipinda kapadera, kutali ndi ka pulogalamu, wakatcha AMAYI. Nyimbozo wazikoperanso pa kadisiki, kanthu kakuda kaphanthiphanthi kokwana m'manja. Dzulo anandipatsa ndi manja awiri.

"Amayi, sungani inuyo. Kwa inu sizingatayike."

Kwa ine! Ndinakakulunga mu duku nkukaika pansi pa Baibulo, misozi ili chuchuchu.

Nyimbo zofufutika, taona, zimalembedwanso. Nanga mawu aja ndinamulasa nawo pagulu, amene akhala m'kachipinda ka mumtima mwake, adzawafufuta ndani?