Waya Amene Ndinaika M'malo mwa Fyuzi

Ntchito yokonza njinga zamoto ndinaiyamba ndili munthu wamkulu kale, wa ana awiri. Ndinali mlonda pa puloti ina ku Silverest, ndipo mwini wake atamaliza kumanga mpanda anagula agalu n'kundiuza kuti zikomo. Mlamu wanga ndiye ananditengera kwa Ba Mwanza, makanika wa ku Katete amene anali ndi kashedi kuseri kwa msika wa Chongwe. Anandiyang'ana manja, osati nkhope, n'kundipatsa sipanala ya teni.

Ba Mwanza sankakonda zolankhulalankhula, koma pa zamagetsi anali ndi ndondomeko yosasintha ngati pemphero. Njinga ikakana kulira, uyambe ndi batire, uike mita uone ngati mavoti akupitirira thwelofu. Kenako mitu ya batire, poti fumbi ndi dzimbiri zimakonda pamenepo. Kenako fyuzi, kenako kaswichi kofiira ka pachiwongolero kamene eni njinga amakagunda osadziwa. Pomaliza umasule pulagi, uigunditse ku injini, uponde kiki uone ngati ikuthetheka. Ine ndinkaona ngati n'kuchedwetsa anthu chabe. Ndinali waphuma, ndiponso ndinkakonda kutamidwa.

Lamulo limodzi ankalibwereza mpaka kunditopetsa: "Fyuzi ikapsa kawiri, chosa tanki. Ili na chamene yaona."

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Ba Mwanza anakwera minibasi kupita ku Lusaka kukagula masipeya. Ndili ndekha, kunabwera Ba Chipungu, mlimi wa kupitirira Chalimbana, akukankha njinga, thukuta lili kamukamu. Kumbuyo anamangirira baketi yatsopano ndi zitenge. Anati angolandira foni kuti akazi awo oyembekezera matenda ayamba, ndipo kumudziko kunalibe galimoto. Mimba ziwiri zinali zitapita padera, iyi ndiyo inafika miyezi yake.

Batire inali bwino. Fyuzi inali yakupsa, ndipo njinga yawo inali ya mtundu uja wosalira ngakhale ndi kiki fyuzi ikafa. Ndinaika yatsopano, injini n'kulira. Nditangokhotetsa chiwongolero kuti ndiitulutse, inazima. Ndinaika ina. Inalira, ndinakhotetsanso, inazimanso. Ndinaona bwinobwino kuti ikufa pokhota, ndipo mawu a Ba Mwanza ndinawamva m'mutu mwanga. Koma foni ya Ba Chipungu inali kulira kachitatu.

"Ba makanika, chitani chilichonse, ilire chabe," anatero.

Ndinasenda waya wokhuthala, ndinaupota, n'kuulowetsa pamalo pa fyuzi. Njinga inalira, ndinakhotetsa uku ndi uku, osazima. Ba Chipungu anandigwira chanza ndi manja awiri. Ndinatsala ndikudzimva kuti ndine katswiri.

Masana, cha m'ma fotini awazi, Ba Mwanza anafika. Asanatule n'katoni komwe, maso awo anagwera pa mafyuzi atatu akupsa ndi makoko a waya amene ndinasiya pabenchi. Anandifunsa kuti njinga yake ili kuti. Ndinayamba kufotokoza ndikumwetulira, koma ndisanafike pakati ndinazindikira chimene ndinachita. Sanandikalipire. Analiza njinga yawo n'kundiuza kuti ndikwere.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Mu Okutobala anthu amatentha tchire, ndiye utsi unali mbali zonse, ndipo utsi uliwonse umene ndinkauona kutsogolo ndinkaganiza kuti ndi njinga ija. Titasiya tala n'kulowa mumsewu wafumbi, mabampu anayamba kutigwedeza. Ndinadziwa kuti bampu iliyonse inali kugunditsa waya wina wosendeka ku chitsulo, ndipo panalibenso choti chipse m'malo mwake. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo ngakhale pa ulonda.

Fungo la pulasitiki yopserera ndilo linayamba kutipeza. Titawoloka kamtsinje kouma, tinaona njinga ili gone m'mbali mwa msewu, yakuda bii, udzu wozungulira utapsa. Moto unawagwira Ba Chipungu akubwerera, akazi awo ali kumbuyo. Mayiyo anali atakhala pansi pa mtengo wa msuku, chitenge chitapsa mbali imodzi, mwendo uli matuza kuyambira pabondo kutsika, akubuula chamumtima. Ba Chipungu manja anali atasupuka chifukwa chozimitsa chitengecho.

Ba Mwanza anakweza mayiyo pakati, mwamuna wawo kumbuyo. Asananyamuke, Ba Chipungu ananditembenukira.

"Musadandaule, ba makanika, imwe munanithandiza. Pali anthu ku munzi safuna uyu mwana. Niwadziwa."

Ndinatsala ndekha ndi chigoba chija. Chitazizira ndinasuzumira pakhosi pa felemu, pamene mawaya amalowera pansi pa tanki. Waya wofiira wochokera ku kiyi unali utakhuzika mpaka mkuwa kuonekera, pafupi penipeni ndi paipi ya petulo. Kuchotsa tanki ndi kukulunga tepi sikukanatenga ngakhale nthawi yomwera tiyi.

M'mawa mwake Ba Mwanza anandiuza kuti mwana wabadwa, wamkazi, wamoyo. Ndinafuna kukhala pansi, koma anati tivale tipite kuchipatala. M'njira anandiuza kuti Ba Chipungu atchula kale dzina la mbale wawo wina kuti ndiye wawalodza, ndipo ngati sindilankhula, munthu wosalakwa asenza mlandu wanga. Tinawapeza panja pa wodi, manja ali m'mabandeji. Ndinawauza zonse: za mafyuzi atatu, za lamulo limene ndinkalidziwa, za waya.

"Kansi ni imwe," anatero.

Ba Mwanza sanandichotse ntchito. Lero ndili ndi shedi yangayanga, ndipo fyuzi ikapsa kawiri ndimachotsa tanki, kaya mwini njinga alire, kaya atukwane. Mtsikana uja tsopano ali pasukulu. Amayi ake amavala chitenge chofika m'mapazi ngakhale kutenthe bwanji. Ba Chipungu anagula njinga ina, ndipo tikakumana pamsika amandipatsa moni mwaulemu. Koma ikawafera m'tauni, amaikankha kudutsa pakhomo pa shedi yanga, kupita nayo kwa makanika wa kutsidya kwa msewu. Ndimawaona, ndipo sindiwaitana.