Zala za Adokotala

Chaka chimene ng'ala inandigwira ndinkasoka pakhonde la sitolo ku Nsungwi. Ulusi pa singano ankandilowetsera akazi anga m'mamawa, makasitomala asanafike. Ine, telala wa zaka makumi awiri pa makina! Manyazi ake osanena.

Kuchipatala anandipatsa tsiku lokaonana ndi adokotala a maso, kuti aone ngati ndikuyenera opaleshoni. Apo ndi pamene mutu unayamba kuzungulira.

Alandilodi athu, bambo a ku Rumphi, anandiitanira pambali. "Atelala, mukakaonetsa kuti mukuona, akakuuzani kuti ng'ala sinakhwime, mubwere chaka chamawa. Mukanene kuti simukuona kalikonse."

Mnzanga wokhoma zidebe, wa ku Mangochi, atamva anaseka. "Iyayi achimwene! Mukakatero akati diso linafa kale, sangataye nalo nthawi. Mukaone ndithu."

Nanga tsono ndikaone kapena ndisakaone? Kudikira chaka china kukanandigulitsitsa makina. Ndinachita mantha, ndinapsanso mtima, koma womupsera mtimayo osamudziwa.

Chimodzi chokha awiriwa anagwirizana: adokotala amaimika zala, iwe n'kuwerenga. Ndiye ndinati ndidzere pakati. Sabata yonse tinkayeserera m'nyumba, akazi anga akuimika zala, ine ndikusalaza bodza langa. Koyamba ndikhoze, kachiwiri ndiphonye dala, kachitatu ndichite ngati ndikukayika.

"Koma inu abambo, kuchipatalako mukukalemba mayeso?"

"Imikani zala, mayi, musandisokoneze."

Tsikulo ndinavala jekete, akazi anga n'kundiperekeza. Adokotala ananditseka diso limodzi, n'kubwerera m'mbuyo.

"Zala zingati, abambo?"

Ndinadikira kuti aimike, bodza lili m'kamwa.

"Abambo, zingati?"

"Imikani kaye, adokotala."

Akazi anga anandigwira bondo.

"Aimika kale," anandinong'oneza.

Diso linalo chimodzimodzi. Kenaka anandiunika ndi katochi, n'kufunsa ngati kuwala ndikukuona. Ndinavomera, ndipo chinali choona. Tsiku la opaleshoni analemba pomwepo, bodza langa osagwira ntchito.

Mu minibasi yobwerera zinandivutabe.

"Nanga kunyumba kuja zala ndinkaziona bwanji?"



"Ndinkasendera," anatero akazi anga. "Tsiku lililonse pang'ono. Dzulo zala zinali pamphuno panu penipeni."