Keyala ya pa Chikwangwani cha a Sitima

A Blasius Sitima atapuma ntchito ya ulangizi wa zaulimi anabwerera kwawo ku Phalula, n'kutsegula nazale m'mphepete mwa msewu waukulu. Amamezanitsa mango ndi malalanje, ndipo dzanja lawo mbande sizilikana. Chinkawadandaulitsa n'chakuti magalimoto ankangodutsa, oima n'kukhala ofuna tomato.

Chrissie, mwana wa mlongo wawo amene amaphunzitsa makompyuta ku Balaka, ndiye anawauza za webusayiti. Anabwera Loweruka lina n'kuwaikira pulogalamu m'laputopu yawo yakale. Anati iwo azingolemba mawu wamba, pulogalamuyo iziwasandutsa masamba a pa intaneti. A Sitima anavomera ndi mutu, koma sanamve kuti kusandutsako kumachitikira pati. Kunja kutayamba kuda Chrissie anathamangira minibasi, ati zotsalazo adzamaliza akadzabweranso.

Iwo chotsala sanachione. Tsamba linkaoneka bwinobwino, dzina lawo lili pamwamba, zithunzi za mbande m'munsi. Pakamzere ka keyala panalembedwa localhost ndi manambala. Anakopera zonsezo mosamala n'kukapatsa Zubairu, wolemba zikwangwani, yemwe anazilemba ndi penti yofiira.

Woyamba kudandaula anali dalaivala wa thiraki. Anayesa keyala ya pachikwangwaniyo pa foni yake, osatseguka. A Sitima anatsegula laputopu, tsamba lija ilo. Anayang'anizana, aliyense akukayikira makina a mnzake. Aphunzitsi a pasukulu yapafupi anayesanso, chimodzimodzi. A Sitima anagula bandulo, anakwera ndi laputopu pachulu kusaka netiweki, mpaka anayamba kuisiya yoyaka tsiku lonse poganiza kuti anthu amaipeza itagona. Sizinathandize. Mapeto ake anaimbira Chrissie n'kumuwerengera za pachikwangwani. Mtsikanayo anawafotokozera za localhost uja.

"Amalume, mawu amenewo amatanthauza makina amene munthu wagwira. Aliyense akawalemba, foni yake imadzifufuza yokha."

"Ndiye anthu onsewa ndakhala ndikuwabweza kwawo?"

Chrissie atabweranso anatumiza masambawo ku kompyuta ina yosazima, ya kunja kwa dziko, ndipo keyala yeniyeni inapezeka. A Sitima anafunsa kuti mwini kompyutayo ndani, nanga akusungiranji zinthu za munthu wosamudziwa. Yankho lake silinawagwire mtima. Zubairu anafufuta zakale n'kulemba zatsopano, koma anakana kulumbira kuti ulendo uno walemba zoona.

Patapita milungu, mayi wina wa ku Ntaja anaimba kufuna mbande za mapeyala, ati waziona pa webusayiti. A Sitima mapeyala analibe. Kufufuza, chinali chithunzi chimene Chrissie anayesera nacho tsiku loyamba n'kuiwala kuchichotsa. Iwo anayesa kuchichotsa okha, chinachoka pa laputopu, koma pa foni ya mayi uja chinali pompo, popeza pa kompyuta ya kunja ija chinali chisanachoke. Anachileka. Chaka chino afesa nthanga za mapeyala kuseri kwa nazale, ndipo akuti mvula ikayamba zikhala zitakwana kumezanitsa.