Mabenchi a ku Holo ya Wusakile

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, amene anali mkulu wa mpingo ku Wusakile, komboni ya anthu ogwira ntchito mumgodi wa mkuwa. Ufulu unali utangobwera kumene, mkuwa ukuyenda malonda, ndipo holo ya m'komboni mwathu inkafuna kalaliki wodziwa Chinyanja ndi Chibemba. Anandipatsa makina otayipira, mapepala a kaboni ndi chidindo. Ndinayamba kuyenda ngati mgodi wonse ndi wa bambo anga.

Chaka chimenecho kunabwera mawu akuti anthu asankhe okha choti chikonzedwe. Bwana wanga, a Mwansa, sankachulutsa gaga m'diwa. "Uwerenge manja, utayipe nambala, udinde. Kwatha."

Pamsonkhano amuna anakhala pamipando yothyokathyoka, amayi pansi kumbuyo. Nkhani zinali ziwiri: kugula mabenchi atsopano, kapena kuvundikira ngalande yakuya yodutsa kuseri kwa holo. Pa mabenchi manja a amuna anakwera onse. Pa ngalande amayi anangozyolika. Ine wobadwira kum'mawa ndinkadziwa bwino lomwe kuti mkazi wa kwathu sakweza dzanja kutsutsa mwamuna wake apongozi ali pomwepo. Koma ndinawerenga manja basi.

Anthu atabalalika, amake Dalitso, amene nyumba yawo inayang'anana ndi ngalandeyo, ananditsatira ku ofesi nagwada pakhomo.

"Ba kalaliki, lembankoni za mufolo, ngalande ija. Ana athu asewerera pamene paja."

"Munali kuti pokweza manja, mayi? Ndadinda kale."

Ndinayankha maso ali pa wotchi, ndipo mpaka lero ndimachita nawo manyazi mawu amenewo.

Mabenchi anafika m'dzinja, akununkha vanishi. Sabata yomweyo kunagwa chimvula masana. Dalitso, mwana wa zaka zinayi, anatererekera m'ngalande muja. Anakamupeza kumunsi, madzi ataphwa.

M'mawa mwake akuluakulu a mpingo anabwera kudzabwereka mabenchi a pamaliro. Palibe amene anali atakhalapo chigulire. Ndinatayipa chikalata chowatulutsira, n'kudinda, kenako ndinathandiza kunyamula.

Kusiwa ndinaima pambali ngati mlendo. Mayi uja, akumutulutsa amayi anzake atamugwira uku ndi uku, anandiona. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira.

"Khalani pa benchi, ba kalaliki," anatero. "Ni yanu."

Sindinakhalepo. Ntchito ija ndinaigwirabe mpaka imvi, koma pamsonkhano uliwonse ndinkasiya chidindo m'kabati, n'kupita kumbuyo kukakhala pansi, kufunsa mmodzimmodzi amene sanakweze dzanja.