Ngalande Yokhota ya pa Balaka

Kuseri kwa msika wa pa Balaka kunali khwawa limene chilimwe chonse linkakhala mchenga wokhawokha, mbuzi n'kumagonamo. Koma mvula ikagwa kumtunda, madzi ake ankalowa m'nyumba zathu osaodira. Ine ndinali telala, ndinkasoka pakhonde la sitolo pafupi pomwepo, choncho zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso anga.

Boma linatumiza woyeza malo, bambo wofatsa wosakonda zolankhula. Anabwera dzinja, khwawa litadzaza. Ankaponya chitsononkho m'madzi n'kumayang'ana wotchi, kuti aone liwiro lake. Ankayang'ananso zinyalala zokodwa m'mitengo kuti adziwe pamene madzi amalekezera. Mvula itatha anadzakhoma zikhomo zamitu yofiira, mzere wowongoka mpaka kudambo, kusonyeza modutsa ngalande. Kukumba anatisiyira eni akefe ngati ntchito yachitukuko, iye n'kupita.

Tsono mzerewo unkadutsa pangodya ya mpanda wa mkulu wa mpingo wathu, pamene panali khola lake la nkhunda. Bamboyu analinso tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Popemphera ankakweza mawu mpaka makanda kudzidzimuka kumsana, ngati Mulungu ndi wogontha. Kumunsi kwake kunkakhala mayi wamasiye wachisilamu wochokera kunyanja ya Chiuta, wogulitsa matemba ndi milamba youma. Nyumba yake inali ya zidina, ndipo nsomba zake ankasunga momwemo. Chuma chake chonse chinali chomwecho.

Tsiku loyamba kukumba tinapeza mzere uja utakhota ngati chikwakwa. Unkalambalala khola la nkhunda n'kukalunjika pakhoma la mayi uja. Mabowo amene munazulidwa zikhomo anali kuonekabe, dothi lake lisanaume n'komwe.

"Akulu," ndinatero, "zikhomozi zayenda."

"Zikhomo zimayenda, a telala?" anayankha mkulu wa mpingo uja. "Mwayamba kuona masomphenya?"

"Mabowo ake si awa pakhola panupa?"

"Inu kasokeni mabatani. Ngalandeyi ndi ya boma. Kapena muli ndi mawu pa boma?"

Masiku amenewo funso limenelo linali ngati dzenje la mikango. Amuna andevu zawo anayamba kuyang'anitsitsa mipini ya makasu awo, ngati ayiona koyamba.

Mayi uja anayandikira atagwira mpango wake kukhosi. "A tcheyamani, madziwa mukuwalozera pakhomo panga."

"Iyayi, mayi. Madzi ndi a Mulungu, amapita kumene wawatuma."

Anatero munthu amene Lamulungu lililonse ankagwira mbale ya mgonero. Ndipo popeza wojomba pachitukuko ankatchedwa woukira, mayiyo anatenga khasu n'kukumba nawo ngalande yodzagwetsa nyumba yake yomwe. Ine ndinaponya khasu pansi n'kubwerera kumakina anga. Anandilemba kuti ndine wamwano, ndipo ntchito yosoka zovala za amayi achipani inandithera pomwepo.

Ndinapita kwa akulu ena a mpingo, Baibulo langa m'manja. Ndinawatsegulira pamene Malembo amaletsa kusuntha malire, ndi pamene amanena za Mtetezi wa akazi amasiye. Anandimvetsera maso ali pansi. Wina anati nkhaniyi ndi yadziko, siyolowa nayo m'tchalitchi. Wina anati tisaweruze. Wachitatu, amene ankaoneka wanzeru kuposa onse, anati, "Komanso mayiyo si wathu." Si wathu! Ngati kuti munthu wa m'fanizo la m'Baibulo uja, wogwa m'manja mwa achifwamba pamsewu, anayamba wafunsidwa kumene amapemphera.

Dzinja litafikanso, mvula yaikulu inagwa masana, msika uli mkati. Ndinaima pakhonde n'kuona madzi ofiira akutsika m'ngalande yathu yatsopano. Atafika pokhota sanafune kukhota. Anamenya gombe, nalidya, n'kukhuthukira onse pakhoma la zidina lija. Tinathamanga ndi anthu ochokera kumzikiti, tinatulutsa mphasa, ndowa ndi dengu limodzi. Kenako khoma linagwada, denga n'kulitsatira. Milamba youma inatuluka pakhomo ikuyandama ngati yaukanso kwa akufa, n'kulowera kudambo. Mayiyo anaima m'madzi ofika m'mawondo, osalira. Nkhunda zija zinali phee m'khola mwawo, zouma bwinobwino.

Anagona kwa akazi anga masiku ochepa, kenako anakwera lole ya ku Ntaja kubwerera kwa abale ake. Potsanzikana anangoti, "Achimwene, Allah waona." Ndinayankha kuti inde, waona.

Lamulungu lotsatira mkulu uja anaimirira kutsogolo atavala jekete imene ndinasoka ndine. Anatambasula manja n'kuthokoza Mulungu kuti pachigumula chimenechi palibe nyumba ya mkhristu ndi mmodzi yemwe imene inagwa. Mpingo wonse unayankha kuti Amen. Ine pakamwa panga panali potseka, ndipo sindinapemphepo chikhululukiro chifukwa chokana Amen ameneyo.

Pabwinja la mayi uja mkuluyo anadzadzalapo nthochi, poti panali chinyezi. Zinabereka kwambiri. Tsiku la masika anabwera ndi mkoko waukulu kudzaika patsogolo pa guwa, anthu n'kuwomba m'manja.