Maadivebu Osankha Ngati Nsomba

Kwathu ku Kachulu aliyense amadziwa kuti ndinafika Folomu 2, chifukwa ndimanena ndekha pafupipafupi. Ndiye mwana wanga Esinati atabwera ndi homuweki ya Chingerezi, ndinalibe kothawira. Anandipeza ndikuyanika matemba pathandala.

"Ababa, akuti tidule mzere kunsi kwa maadivebu. Ndiye atiwo?"

Ndinapukuta manja n'kulandira kopelo ngati munthu wodziwa. Kunena zoona, maadivebu ndinasiyana nawo tsiku limene ndinavula yunifolomu. Koma amayi ake anali pomwepo, khutu lili tcheru. Basi ndinasankha mawuwo mmene ndimasankhira nsomba kwa asodzi: aataliatali ndi onenepa ndinamulozera, ting'onoting'ono ndinatisiya.

Mawa lake kope linabwera litafiira ndi inki. Aphunzitsi atamufunsa amene anamuthandiza, Esinati anati analemba yekha, ndipo aphunzitsiwo anamusesetsa m'kalasi monse. Ine, m'malo mopepesa, ndinangoti, "Silabasi anaisintha imeneyi."

Mwanayo sanatsutse. Koma dzulo ndinamumva kuseri kwa nyumba akulangiza mng'ono wake motsitsa mawu: "Za nsomba uzifunsa ababa. Za Chingerezi usawavutitse, amatopa."