Katebulo Kopanda Munthu

Apongozi anga anafika kuno ku Msanzala pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, amuna anga ali kumsana. Nkhondo itatha anzawo ambili anabwelela, iwo anatsala. Leji, chiphaso cha unzika, anaipeza mochedwa, choncho chisankho cha chaka chimenecho chinali choyamba kwa iwo. Khadi la voti analisunga m'Baibulo, ndipo mlendo aliyense ankamuonetsa.

Lamulungu lina titaweluka ku tchalitchi tinamva kuti pa golosale, pamene pali tivi ya sola, akubweleza mtsutso wa atsogoleli a zipani. Tinapita, ine mwana kumsana. Azibambo anatenga mabenchi, ife tinayala zitenje pansi. Mtsutso unali m'Chingelezi. Ine ndinalekela giledi seveni, ndinkatola pang'onopang'ono, zina ankatimasulila ndi mwini golosale.

Atsogoleliwo anaimilila aliyense pa katebulo kake. Wina ankaloza anzake chala mpaka thukuta. Wina ankadikila, manja kumbuyo, mnzake atsilize. Koma chakumapeto kunali katebulo kopanda munthu, botolo la madzi lili pomwepo losatsegula.

"Nanga apo mpa yani?" anafunsa apongozi.

"Mpa mtsogoleli wina, amai. Anaitanidwa koma sanabwele," anayankha mwini golosale.

"Ali kuti?"

"Kaya. Ine ndigulitsa sopo, sindisunga atsogoleli."

Anthu anaseka. Apongozi sanaseke. Anakutumula chitenje chawo n'kunyamuka, za feteleza zisanayambe n'komwe.

Nditafika kunyumba ndinapeza thumba kuseli kwa chitseko. Munali ufa, mchele, bulangete ndi kapoto. Iwo anali pa moto, khadi la voti lili m'manja.

"Amai, mufuna kuchita chiyani?"

"Amake mwana, inu simunaone. Kwathu munthu akakana kukhala pansi ndi anzake ndiye kuti walowa m'thengo. Akatuluka atuluka ndi mfuti, ndipo ayamba ndi amene maina awo ali pa mapepala."

Sindinawatsutse. Ndinangoti andipatse khadilo ndikalitaye kutali. Anandiyang'ana, anadziwa kuti sindikataya, koma anandipatsa. Ndinaliika mkati mwa khadi la mwana la ku sikelo.

Amuna anga atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Amai, kuno ni ku Zambia. Nkhondo yathu ni ya pakamwa." Tsiku limenelo apongozi anawonjezela machesi m'thumba muja.

Ine ndinaona kuti mawu sathandiza, pafunika maso awo omwe. Ndinapempha mwini golosale kuti bambo wosabwela ku mtsutso uja akangooneka pa tivi anditumile uthenga. Lolemba kunali zii, Lachiwili chimodzimodzi. Apongozi anasiya kuthilila lepu ku dimba, ati tithilila yani. Ndinkathilila ndekha.

Lachinai masana ndikuchokela ku chigayo, mwini golosale anandikuwila. "Thamangani, munthu wanu adzaoneka pa nkhani za wani koloko!" Ndinatula ufa pakhonde pake n'kukawatenga apongozi. Anabwela monyinyilika, opanda nsapato.

Analidi iye. Anali pa msonkhano m'tauni, pamwamba pa lole, akuvina, akuponyela anthu zipewa.

"Ndi yemweyo?"

"Yemweyo amai."

"Sanadwale?"

"Wodwala avina chonchi?" anatelo mwini golosale.

"Nanga analekelanji kubwela?"

"Ati anatangwanika."

Apongozi anayang'anitsitsa tivi. Kenaka anati, "Ine ndamanga katundu masiku anai chifukwa cha munthu wovina? Anzake anamuikila ndi madzi omwe." Bambo wina wa chipani cha mtsogoleliyo anayamba kufotokoza kuti munthu wamkulu satsutsana ndi tianthu. Apongozi anamudula. "Bambo, sanaitanidwe ndi tianthu. Tinakhala pansi apa ndife."

Pobwelela anandifunsa za uja wa manja kumbuyo, kuti ankati chiyani. Ndinawauza zimene ndinatola, za feteleza kufika mvula isanagwe ndi za mankhwala ku kiliniki. Anati onse amatelo, koma uja ankamvetsela. Madzulo anatenga keni n'kupita ku dimba.

Tsiku la voti anandidzutsa ndiwo. "Amake mwana, khadi lija munatayila kuti?" Ndinalitulutsa. Sanati zikomo, anangolipukuta pa chitenje. Tinaima pa mzele ku sukulu mpaka dzuwa kufika pamutu. Atatuluka ankayenda chala cha inki chili m'mwamba ngati chapsa. Amene anamuvotela sanandiuze, inenso sindinafunse.

Thumba lija sanalimasule tsiku limenelo. Linakhala kuseli kwa chitseko mpaka zotsatila zitalengezedwa, sabata ina n'kudutsanso. M'mawa wina mchele unatha m'nyumba, ndipo apongozi anati, "Tengani wa m'thumbamo. Bulangetelo muliyanike, lanunkha."